Jakisoni akulowa, mwana sakuchira: tizilombo tosamva mankhwala m'mawodi a makanda

Khanda lobadwa pa miyezi 7 likayamba kudwala matenda a m'magazi silichita phokoso. Nthawi zambiri silitentha thupi n'komwe, m'malo mwake limazizira. Mkaka umene namwino analipatsa kudzera m'kapaipi ka pamphuno maola atatu apitawo umapezeka udakali m'mimba, kamimbako katatupa pang'ono. Kenako limaiwala kupuma, makina n'kulira, namwino n'kulisisita kumapazi, ilo n'kuyambiranso. Anamwino okhalitsa m'mawodi amenewa amangoti, "Mwana uyu sakundisangalatsa lero." Palibe chipangizo choyezera zimenezo, koma dokotala wanzeru akamva mawuwa amasiya chilichonse chimene akuchita.

Zotsatira zake n'zofanana pafupifupi kulikonse. Amatenga timagazi pang'ono kupita nato ku labu, ndipo nthawi yomweyo amayamba jakisoni wa maantibayotiki. Bungwe la WHO limalangiza kuyamba ndi mitundu iwiri pamodzi: ampicillin kapena benzylpenicillin, kuphatikiza gentamicin. Kudikira zotsatira sikutheka. Ku labu mabakiteriya amafuna tsiku limodzi kapena awiri kuti amere m'botolo, kenako tsiku linanso kuti aone mankhwala amene angawaphe. Khanda lolemera kilogalamu imodzi lili ndi magazi osakwana mamililita 100 m'thupi lonse, pomwe mabakiteriya ena akapeza malo abwino amachulukana kuwirikiza kawiri pa mphindi 20 kapena 30 zilizonse. Choncho dokotala amachita kupenekera.

Pagona nkhani ndi pomwepa. Kachilombo kosamva mankhwala kawirikawiri sikakhala kolusa kuposa anzake. Chimene kamachita n'kuba masiku awiri oyambirira aja. Jakisoni akulowa m'nthawi yake, aliyense mtima uli m'malo kuti mwana akulandira thandizo, pomwe kwa kachilomboko ndi madzi chabe. Pepala la ku labu likamafika, chilembo cha R chitandandalika kuyambira pamwamba mpaka pansi posonyeza mankhwala onse amene sakugwira, nthawi zina pakabedi paja pamakhala patagona kale mwana wina.

Kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu 2022 anaonetsa kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anamwalira chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo mmodzi mwa asanu aliwonse anali mwana wosakwana zaka 5. Akatswiri ena anawerengetsa mu 2016 kuti makanda pafupifupi 214,000 amafa chaka chilichonse ndi matenda a m'magazi oyambitsidwa ndi tizilombo totere.

Chifukwa chake amakhala makanda

Chitetezo chambiri chimene mwana amabadwa nacho amachitenga kwa mayi ake m'miyezi itatu yomaliza ya pakati. Wobadwa masiku asanakwane amatuluka asanalandire gawo lake lonse, ndipo ana otere ndi ambiri: mu 2020 analipo pafupifupi 13.4 miliyoni, mwana mmodzi pa 10 aliwonse obadwa. Khungu lawo ndi lopyapyala moti pulasitala womatira diripi amatha kumatuka ndi kakhungu komwe. Matumbo awo amakhala ngati nyumba yatsopano yopanda okhalamo, ndipo mabakiteriya oyamba kufika ndi amene amatenga malo. Mwana amene ali pachifuwa pa mayi ake amalandira a mayi ake. Amene ali m'kabokosi kofunditsa makanda, kaja amati incubator, amalandira a m'wodi.

Onjezanipo zida zomupulumutsa. Kapaipi ka mu mtsempha wa pamchombo, kena ka kukhosi kopita ku makina opumira, kena ka mkaka: kalikonse ndi khomo lotsekula lolowera m'kati mwa thupi, ndipo kamakhala pamenepo masabata. M'kabokosi muja ndi mofunda ndi monyowa, monga mmene khungu la mwanayo likufunira, komanso monga mmene mabakiteriya amakondera.

Mabuku a zachipatala amagawa matendawa pawiri. Oyamba m'maola 72 mwana atabadwa amati amachokera kwa mayi pobereka, makamaka group B Streptococcus ndi E. coli. Obwera pambuyo pake amati ndi a m'wodi. Kugawa kumeneku kumagwira bwino m'maiko olemera. Koma kafukufuku wa m'zipatala zitatu zazikulu za ku Delhi, amene anatuluka mu 2016, anapeza kuti pafupifupi magawo awiri mwa atatu a matendawa ankayamba m'maola 72 oyambirira, koma tizilombo topezeka kwambiri tinali Acinetobacter ndi Klebsiella, tomwe timadziwika kuti ndi ta m'chipatala. Mwa Acinetobacter amene anapezeka, 82 pa 100 aliwonse sankamva mitundu ingapo ya mankhwala. Zikusonyeza kuti mwana amatha kukumana ndi tizilombo ta m'chipatala tsiku lomwe wabadwalo.

Mmene kachilombo kamasiyira kumva mankhwala

Alexander Fleming anatulukira penicillin ku London mu 1928, ndipo polandira mphoto ya Nobel mu 1945 anachenjeza kale kuti kupereka mankhwalawa moperewera kudzazoloweretsa tizilombo. Sanalakwitse. Staphylococcus aureus wosamva methicillin, amene timamutcha MRSA, anaoneka ku Britain mu 1961. Mu 1983 ku Germany kunapezeka mabakiteriya opanga enzaimu yotchedwa ESBL, imene imaduladula mankhwala a gulu la ceftriaxone ndi cefotaxime asanagwire ntchito. Madokotala anathawira ku gulu lamphamvu la carbapenem, monga meropenem. Mu 1996 ku North Carolina kunapezeka Klebsiella wodula carbapenem, ndipo mu 2008 enzaimu ina, NDM-1, inapezeka mwa wodwala wa ku Sweden amene anagonekedwapo m'chipatala ku New Delhi. Zitatero anthu anakafukula colistin, mankhwala a m'ma 1950 amene anali atasiyidwa chifukwa choononga impso. Mu 2015 ku China kunapezeka mcr-1, njira yopewera colistin imene mabakiteriya amatha kupatsirana.

Kupatsiranaku n'kumene kumapangitsa nkhaniyi kukhala yovuta. Munthu amatengera chibadwa kwa makolo ake basi. Bakiteriya amatha kutengera kwa mnzake wongokumana naye. Malangizo opangira maenzaimu aja amakhala pa tizidutswa ta DNA totchedwa plasmid, ndipo kachidutswa kamodzi kamatha kunyamula njira zopewera mankhwala anayi kapena asanu. Klebsiella ndi E. coli akakhala limodzi m'matumbo a khanda kapena m'paipi ya pansi pa sinki, amapatsana kachidutswako ngati anthu obwerekana kiyi.

Mankhwala eni akewo sapanga kachilombo kosamva, amangokalambulira bwalo. Akapha mabakiteriya onse ofooka m'matumbo, otsala ndi osamva aja, opanda wolimbirana naye chakudya. Umboni wooneka bwino unachokera ku Rotterdam mu 2000. Mawodi awiri ofanana a makanda anapatsidwa malamulo osiyana: ina inkayamba ndi penicillin ndi tobramycin, mankhwala opha mitundu yochepa, ina inkayamba ndi amoxicillin ndi cefotaxime, opha mitundu yambiri. Patapita miyezi 6 anasinthana. Kulikonse kumene ankagwiritsa ntchito cefotaxime, mpata woti khanda linyamule mabakiteriya osamva mankhwala a m'wodimo unali waukulu kuwirikiza ka 18.

Mliri ukabuka, funso ndi njira

Makanda awiri kapena atatu akadwala kachilombo kamodzimodzi m'sabata imodzi, odziwa ntchito amadziwa kuti akuona kagawo kakang'ono chabe. Akayeza makanda onse m'wodi, potenga kathonje kuchokera kumatako ndi pakhungu, amapeza ena ambiri atanyamula kachilomboko osadwala. Iwowa ndi nkhokwe. Thewera lililonse losinthidwa limatulutsa tizilomboto, ndipo khanda silidzuka kukacheza pabedi la mnzake. Winawake kapena chinachake chimatinyamula. Nkhani za miliri imene inafufuzidwa bwino zimaonetsa kuti chonyamulacho kawirikawiri chimakhala chinthu wamba moti munthu sungachiganizire.

Ku Oklahoma City, pakati pa 1997 ndi 1998, makanda 46 anatenga Pseudomonas aeruginosa ndipo 16 anamwalira. Ofufuza anapeza mtundu womwewo wa kachilomboko m'manja mwa anamwino awiri, wina wa zikhadabo zazitali, wina wa zikhadabo zoikirira. Ndicho chifukwa chake zipatala zambiri lero zimaletsa zikhadabo zoikirira kwa ogwira odwala. Ku Northern Ireland, kumapeto kwa 2011 ndi kuchiyambi kwa 2012, makanda anayi anamwalira ndi Pseudomonas yemweyo, ndipo gwero lake linali mipopi ya m'wodi. Kachilomboko kanamanga ndere zake m'tizipangizo ta kukamwa kwa mpopi towongola madzi, pamalo penipeni posambira m'manja. Pseudomonas ndi wotero: amakonda madzi, ndipo mwachibadwa samva maantibayotiki ambiri. Acinetobacter ndi wosiyana, amatha masabata ali moyo pa chitsulo kapena pulasitiki youma. Serratia marcescens wapezekapo m'mabotolo a sopo wamadzi amene ankangothiramo wina osawatsuka.

Ku Germany chipatala china cha ana chinavutika kwa miyezi yambiri ndi Klebsiella oxytoca wopanga ESBL. Makanda 13 ndi mwana mmodzi wokulirapo ananyamula kachilomboko, mwamwayi osadwala. Anayeza ma incubator ndi ogwira ntchito, osapeza kanthu. Pomaliza anakapeza m'makina ochapira zovala a mtundu wa pakhomo, m'labala ya pachitseko ndi m'kabokosi kothiramo sopo. Makinawo ankachapa tizipewa ndi timasokosi toluka tofunditsa makandawo. Atawachotsa, vuto linatha. Ku Pennsylvania mu 2019 makanda atatu obadwa masiku asanakwane anamwalira ndi Pseudomonas wochokera ku ziwiya zoyezera mkaka wa m'mawere wopatsidwa ndi amayi ena.

Nkhani ya ku Banjul ku Gambia mu 2016 ndiyofunika kuimvetsa bwino, chifukwa imaonetsa msampha umene uli paliponse pamene zipangizo ndi zochepa. Pa chipatala chachikulu cha kumeneko kunabuka miliri iwiri, wa Burkholderia cepacia ndi wa Klebsiella wosamva mankhwala ambiri. Tizilomboto tinapezeka m'madzi a diripi ndi m'mankhwala osungunula kale. Zimachitika motere: botolo la jakisoni ndi thumba la diripi zimapangidwa pa mlingo wa munthu wamkulu, pomwe khanda limangofunika kadontho. Kutaya zotsala n'kuononga, ndiye botolo limodzi limabayidwa kambirimbiri kugawira makanda ambiri, nthawi zina kwa maola ochuluka m'chipinda chofunda. Singano imodzi yokha ikakhudza pakuda, botolo lonse lasanduka munda wa mabakiteriya, ndipo mankhwala ochiza aja ndi amene amalowetsa matenda mu mtsempha.

Nkhani ya manja ndi kuchuluka kwa ana

Zoti manja amanyamula matenda zinadziwika kalekale. Ignaz Semmelweis anazionetsa ku Vienna mu 1847 pamene anauza madokotala kuti azisamba m'manja ndi madzi a kolorini asanagwire amayi oyembekezera, imfa n'kutsika kwambiri. Palibe namwino wa m'wodi ya makanda amene sadziwa zimenezi. Ndiye n'chifukwa chiyani zimavutabe?

Tiyeni tiwerengetse. WHO imati kupaka sanitaiza moyenera kumatenga masekondi 20 mpaka 30, kusamba ndi sopo masekondi 40 mpaka 60. Tinene kuti namwino mmodzi ali ndi makanda 15 usiku wa maola 12, ndipo khanda lililonse akuligwira ka 8. Kuyeretsa manja asanagwire ndi atagwira ndi maulendo 240. Ndi sanitaiza, amenewo ndi maola awiri athunthu. Ndi sopo, anayi. Ndipo makina akalira kuti khanda la pakona lasiya kupuma, iye ali pakati posintha thewera la lina, amathamanga. Inenso ndikanathamanga.

Pa chipatala cha Tembisa, kufupi ndi Johannesburg, makanda 17 anadwala Klebsiella wosamva carbapenem m'miyezi ya November ndi December 2019, ndipo 10 anamwalira. Akuluakulu a zaumoyo anavomera kuti wodi ya mabedi 44 inkalandira makanda pafupifupi 90. Ana akamagona awiri kapena atatu pa kabedi kamodzi kofunditsa, za kupatula odwala zimakhala nkhambakamwa chabe. Lipoti la WHO ndi UNICEF la 2022 linati theka la zipatala padziko lonse zilibe malo okwanira osambira m'manja. Choncho mliri ukabuka n'kumva kuti anamwino awatumiza ku maphunziro a kasambidwe ka m'manja, ine ndimafunsa kaye kuti usiku umenewo analipo angati ndipo mpopi unkatuluka madzi kapena ayi. Magolovesi nawonso amapusitsa: wovala amadziona ngati ali bwino, koma golovesi imene yagwira makanda awiri ndi dzanja losasamba.

Njira zozimitsira mliri n'zodziwika. Makanda onyamula kachilombo amaikidwa mbali imodzi ndi anamwino awoawo, osasakaniza. Chipangizo chilichonse chimakhala cha mwana mmodzi, mapaipi osafunikanso amachotsedwa msanga, ndipo mankhwala amasungunulidwa pamalo oyera kutali ndi sinki. Chovutitsitsa ndi kutseka wodi. Kumathandiza, koma ana saleka kubadwa, ndipo wotumizidwa ku chipatala chakutali akhoza kufera m'njira.

Kumene kuli labu yabwino, kuwerenga DNA yonse ya kachilombo kwasintha kafufuzidwe. Mu 2011 pa Rosie Hospital ku Cambridge makanda 12 anapezeka ndi MRSA m'miyezi 6, ndipo sizinkadziwika ngati unali mliri umodzi kapena zongochitika. DNA inaonetsa kuti ambiri anali a banja limodzi. Anatsuka wodi yonse, kunakhala zii, koma patatha masiku 64 khanda lina linapezekanso ndi mtundu womwewo. Kachilombo kanabisala kuti nthawi yonseyi? Anayeza ogwira ntchito 154 n'kupeza mmodzi atakanyamula osadziwa. Wogwira ntchitoyo analandira mankhwala, mliri n'kuthera pomwepo.

Mankhwala akutha, atsopano akuchedwa

Kafukufuku wa BARNARDS, amene anachitika m'maiko 7 a ku Africa ndi kum'mwera kwa Asia, anapeza kuti mwa mabakiteriya a gulu la Klebsiella ndi anzake otengedwa m'magazi a makanda, 97 pa 100 aliwonse sankamva ampicillin ndipo 70 sankamva gentamicin. Awa ndi mankhwala oyambira aja. Wina wotchedwa NeoOBS, wa bungwe la GARDP lofufuza za maantibayotiki, anatsatira makanda 3,204 m'zipatala 19 za m'maiko 11 kuyambira 2018 mpaka 2020. Anapeza madokotala akugwiritsa ntchito kasakanizidwe ka maantibayotiki koposa 200, chizindikiro chakuti aliyense akungoyesa zake. Pafupifupi khanda limodzi pa asanu aliwonse amene magazi awo anameretsa kachilombo linamwalira.

Wina angati bwanji osangoyamba ndi meropenem kwa khanda lililonse? Lero zingapulumutse ena, koma za ku Rotterdam zija zikutiuza chimene chingachitike m'wodiyo pakatha chaka. Dokotala amakhala pakati pa mwana amene ali m'manja mwake ndi ana amene sanabadwe, ndipo palibe kholo limene lingavomere kuti wake ndiye apatsidwe mankhwala ofooka. Kumene kungachepetsedwe popanda kuika mwana pachiswe ndi kumapeto. Makanda ambiri amene amayambitsidwa jakisoni sakhala ndi matenda a m'magazi, amangooneka ngati ali nawo. Botolo la ku labu likakhala losamera kanthu patatha maola 36 mpaka 48 ndipo mwana ali bwino, jakisoni ayenera kuima. Koma kuti dokotala alimbe mtima n'kuimitsa, pafunika labu imene amaikhulupirira. Popanda labu amapitiriza masiku 7 kapena kuposa, n'kumasintha mankhwala mongoyerekeza. Mu 2017 WHO inagawa maantibayotiki m'magulu atatu, oyambira, ofunika kusamala nawo ndi osungira pamavuto, koma kusankha bwino pakati pa maguluwa kumadaliranso labu yomweyo.

Khanda si munthu wamkulu wochepetsedwa. Chiwindi ndi impso zake zimachotsa mankhwala m'thupi mochedwa, ndipo liwiro lake limasintha sabata ndi sabata. M'ma 1950 chloramphenicol anapha makanda ambiri chifukwa chosadziwa zimenezi. Gentamicin akachuluka amaononga makutu ndi impso, ceftriaxone ndi woopsa kwa khanda la chikasu. Choncho mankhwala atsopano akavomerezedwa kwa akuluakulu, pamapita zaka zambiri asanadziwike mlingo wa makanda, ndipo makampani sathamangira kafukufuku wodula chonchi wa msika waung'ono. N'chifukwa chake kafukufuku wa NeoSep1, amene anayamba mu 2023 ku South Africa ndi ku Kenya, akuyesa mankhwala akale atatu, fosfomycin, flomoxef ndi amikacin, powaphatikiza awiriawiri.

Chimodzi mwa zinthu zimene zaonetsa mphamvu si mankhwala n'komwe. Mu 1978 ku Bogotá, dokotala Edgar Rey Sanabria anali ndi makanda ambiri kuposa ma incubator, akupatsirana matenda pogona mothithikana. Anayamba kuwaika pachifuwa pa amayi awo, khungu kukhudza khungu, njira imene lero imatchedwa kangaroo. Mwana wa pachifuwa amagwiridwa ndi manja ochepa, amatenga mabakiteriya a mayi ake m'malo mwa a m'wodi, ndipo amayamba msanga mkaka wa m'mawere, umene umateteza matumbo. Kwa zaka zambiri lamulo linali lakuti mwana ayambe walimba mu incubator. Kafukufuku amene anatuluka mu 2021, wochitika ku India ndi m'maiko anayi a mu Africa, anayesa kuyamba nthawi yomweyo kwa makanda olemera pakati pa kilogalamu imodzi ndi 1.8, ngakhale ali pa okosijeni ndi diripi. Imfa m'masiku 28 oyambirira zinali 12 pa 100 aliwonse, poyerekeza ndi pafupifupi 16 kwa odikira, ndipo oganiziridwa kuti ali ndi matenda a m'magazi anachepanso. Kafukufukuyo anaimitsidwa nthawi isanakwane chifukwa phindu lake linali litaoneka kale.

Kuti zimenezi zitheke, zipatala zimene zinachita nawo zinachita kusintha mawodi awo. M'chipinda chimene kale mayi ankangosuzumira pawindo anaikamo bedi lake pafupi ndi makina a mwana, ndi malo oti azisamba ndi kudya, kuti azikhala momwemo usana ndi usiku. Mu November 2022 WHO inasintha malangizo ake n'kunena kuti khanda lobadwa masiku asanakwane kapena lochepa thupi liziikidwa pachifuwa likangobadwa, kupatula lokhalo limene silikutha kupuma palokha kapena lafookeratu.